Matchona a m'mlengalenga

Pa magemu onse a pa kompyuta, ovuta kwambiri kuwabwerera ukawasiya nthawi yaitali ndi aja oyendetsa zombo m'mlengalenga. Gemu ya mpira mutha kuisiya zaka ziwiri, koma tsiku limene mwalowanso m'kashopu ka PlayStation ku Chinamwali kapena ku Matawale zala zimakumbuka zokha popatsira ndi powombera. Yoyamba mugonja, yachiwiri mubweza chipongwe. Amene anasiya Elite Dangerous, EVE Online kapena Kerbal Space Program nkhani yake ndi ina. Amabwera ngati mtchona wochokera ku Joni: mudzi ndi womwewo, koma njira zinadutsa pena, amfumu ndi ena, ndalama imene anasunga m'thumba inasiya kugula, ndipo ana amene anawasiya akukwawa ndi amene akumulongosolera za pamudzi.

Olemba za magemu ku Ulaya ndi ku America amayesa gemu poona kukongola kwa zithunzi, kukula kwa dziko lake ndi kukoma kwa nkhondo zake. Amalemba ali ndi chithunzi cha munthu amene amasewera sabata iliyonse, magetsi ndi intaneti zili chiyakire. Ife a ku Zakazaka kuno, ndi Zomba yonse, muyeso wathu uyenera kukhala wina: gemuyi imamuchita chiyani munthu amene wasowa miyezi isanu ndi umodzi kapena zaka zitatu? Imamudikira, imamulipiritsa, kapena imamulanda katundu?

Funsoli ndi lathu chifukwa kuno kusiya gemu kawirikawiri sikuchita kusankha. Wophunzira wa pa Yunivesite ya Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco, amene amachita lendi ku Chikanda amasewera pa laputopu yomweyo imene amalembera za kusukulu. Semesita ikatha amapita kumudzi kumene ngakhale foni amakatchajitsa pa msika. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo kuthima kwa maola ambiri patsiku kunapitirira mpaka mu 2023. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero laputopu ikafa sikirini kapena batire, kupeza ina ndi nkhani ya chaka. Onjezerani kusowa kwa ndalama zakunja, kumene kumapangitsa kulipira chilichonse pa intaneti ndi khadi la banki kukhala mpikisano. Mpake kuti masabata amene sitolo ya Epic Games inagawa Elite Dangerous kwaulere mu Novembala 2020, ndi Kerbal Space Program mu Januwale 2023, anali mwayi weniweni kwa munthu wopanda madola.

Magemuwa si oombera zilombo pa sikirini chabe. Cholinga chawo ndi kutsanzira ntchito yeniyeni yoyendetsa chombo: mafuta, kulemera kwa katundu, kutentha kwa injini, malamulo a pa doko. Tate wawo ndi Elite, imene David Braben ndi Ian Bell, ophunzira a pa Cambridge, anatulutsa mu 1984 pa kompyuta ya BBC Micro ya 32 KB yokha, kuchepera kachithunzi kamodzi ka pa WhatsApp. M'kamalo kameneko analowetsamo milalang'amba isanu ndi itatu ya maiko 256 uliwonse, osati posunga dziko lililonse koma polipanga ndi masamu nthawi imene wosewera walifika. Elite Dangerous, imene kampani ya Braben ya Frontier Developments inatulutsa mu Disembala 2014, inatenga njira yomweyo n'kupanga mlalang'amba wathu wonse, nyenyezi 400 biliyoni ndi maiko ozizungulira. Kutsanzira ulendo wa kumwamba uli pansi si zachilendo kudera lathu lino. Mu 1964 mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka powalowetsa mu dilamu n'kuigubuduza pa chitunda kuti azolowere kuzungulira mutu kwa m'chombo. Dziko linamuseka, koma anali atagwira mfundo yoona, yakuti ntchito imeneyi thupi limaiphunzira poyeserera, ndipo likasiya kuyeserera limaitaya.

Chopinga choyamba cha wobwerera chimabwera asanaone nyenyezi ngakhale imodzi. Magemu a pa intaneti satseguka mpaka mutapanga dawunilodi zonse zimene zinasintha muli kosowa, ndipo mukasowa chaka zimakhala ma GB makumimakumi. Kwa amene ali ndi waya wa intaneti m'nyumba ndi nthawi yongomwera tiyi. Kwa amene amagula bandulo pa foni ndi bajeti ya mwezi, kapena usiku ungapo wodzuka pakati pa tulo kusaka bandulo yotchipa ya usiku. Starlink inalowa m'Malawi mu 2023, koma mbale yake ndi malipiro a pamwezi si za wophunzira wa lendi. Gemu ya Star Citizen payokha imafuna malo pafupifupi 100 GB ndi kompyuta yamphamvu, ndiye ambiri a ife tingoitchula pongodutsa.

Tinene kuti zatheka, gemu yatseguka. Muli mu Elite Dangerous, chombo chili pa mtunda wa makilomita khumi kuchokera ku siteshoni ya mtundu wa Coriolis, chibokosi chachikulu chozungulira pang'onopang'ono, chokhala ndi khomo limodzi lopyapyala ngati kabowo koponyera makalata ku positi ofesi. Kale mumalowamo mukucheza pa foni. Lero mukukumbuka kuti muyenera kupempha chilolezo, koma mwaiwala kuti pempho sililandiridwa musanafike pa makilomita 7.5. Mwayandikira, mwapeza tsamba lopemphera mutatsegula ena atatu olakwika, akupatsani nambala ya pokatera ndi mphindi khumi. Khomo lili ndi magetsi obiriwira mbali ina, ofiira mbali ina, ndipo mtima ukukuuzani kuti pali mbali yanu koma simukudziwa iti. Chombo china chachikulu chikutuluka. Mwathamanga kupitirira mamita 100 pa sekondi, liwiro limene ukagunda nalo mnzako mlandu ndi wako. Mwalowa, mwapeza potera, mukutsika, koma miyendo ya chombo simunatulutse, ndipo batani lake silikudziwika. Mwadina limene chala chakumbuka, chombo chaponya mphamvu zonse kutsogolo n'kukamenya khoma. Mukachedwa pamwamba pa malo a wina, siteshoni imachenjeza, kenako imalipiritsa, kenako imaombera, ndipo mizinga yake siphonya.

Chochititsa chidwi n'chakuti kuuluka kwenikweni simunaiwale. Kukhota, kupendeketsa chombo kuti chigwirizane ndi kuzungulira kwa siteshoni, kuyeza mtunda ndi maso, zonsezi zimabwerera m'mphindi zochepa. Chimene chatayika ndi ndondomeko: choyamba ichi, kenako icho, batani ili osati ilo. Akatswiri ofufuza za oyendetsa ndege enieni anapeza zomwezi kalekale. Luso la manja lochitika mosadukiza, monga kusunga ndege pa mzere wake, limakhalitsa ngakhale munthu atasiya nthawi yaitali. Luso lokumbukira masitepe ambiri otsatizana ndi limene limayamba kuchoka. N'chifukwa chake malamulo a ndege amafuna kuti woyendetsa akhale atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo asananyamule anthu, ndipo n'chifukwa chake ngakhale woyendetsa wa zaka makumi atatu amawerenga mndandanda wa zoyenera kuchita asanaulutse ndege. Ndege zitayambanso kuuluka pambuyo pa Covid-19, oyendetsa ena ku America analemba okha m'malipoti a NASA kuti analakwitsa tinthu tating'ono chifukwa cha dzimbiri. Wosewera wa ku Zomba amene waiwala kutulutsa miyendo ya chombo ali m'gulu labwino.

Chotonthoza n'chimene Hermann Ebbinghaus anaonetsa mu 1885: chinthu chimene unachiphunzira n'kuchiiwala, pochiphunziranso chimatenga nthawi yochepa kuposa poyamba. Vuto ndi lakuti gemu siidziwa kuti mukuphunziranso. Imakuonani ngati katswiri yemwe uja, n'kukukhazikani m'chombo chodula chimene katswiriyo anasiya. Mu Elite, chombo chikaphulika mumalipira 5 peresenti ya mtengo wake kuti akupatseni china chofanana nacho. Pa Anaconda, chimodzi mwa zombo zodula, imene yopanda kanthu imagulidwa pafupifupi 147 miliyoni ya ndalama za mu gemumo, ndi mamiliyoni asanu ndi awiri ndi kanthu, ndipo ikakhala ndi zida zabwino malipirowo amakwera kwambiri. Ndalamayo ikasowa, ngongole imene gemu imapereka nayo ikaperewera, mumabwerera ku Sidewinder, kachombo ka oyamba kumene. Ntchito ya miyezi imatha chifukwa cha batani limodzi. Ngati mumachokera kofufuza nyenyezi zakutali ndipo zimene munapeza simunagulitse, nazo zimapsera momwemo. Choncho lamulo loyamba la wobwerera ndi kudzichepetsa. Chombo chachikulucho chisiyeni pa doko, gulani kotchipa, kagunditseni mpaka zala zitakumbuka. Kuyambira 2019 Frontier inaikamo kompyuta yoteretsa ndi kunyamutsa chombo yokha komanso maphunziro atsopano a oyamba, ndipo palibe manyazi kuwabwereza. Mafuta akakutherani pakati pa nyenyezi, zimene zimachitikira aliyense woiwala kuti si nyenyezi iliyonse imene ungatungepo mafuta, pali gulu la osewera odzipereka lotchedwa Fuel Rats, limene kuyambira 2015 limapita kukapulumutsa anthu osalipiritsa kanthu.

Kerbal Space Program imaiwalitsa mwa mtundu wina, ndipo ndi imene ndimaikonda pa zonsezi. Inayamba mu 2011 ndi Felipe Falanghe m'kampani ya Squad ku Mexico City, kampani imene ntchito yake inali yotsatsa malonda, osati magemu. Muli timunthu tobiriwira toseketsa, koma masamu ake ndi enieni. Mumamanga roketi chidutswachidutswa, n'kuiulutsa kuchokera pa dziko la Kerbin, limene mpweya wake umathera pa makilomita 70, ndipo kuti muyambe kulizungulira mumafunika mafuta okwanira kusintha liwiro ndi mamita pafupifupi 3,400 pa sekondi. Kufika pamenepo wobwerera aliyense amakwanitsa. Pamene amagwa ndi pokumanitsa zombo ziwiri zimene zikuzungulira dziko. Mnzanu ali patsogolo, nzeru yachibadwa ikuti thamangitsani injini mumupeze. Mukatero chombo chanu chimakwera m'njira yapamwamba, imene ndi yaitali ndipo imayendedwa pang'onopang'ono, ndiye mnzanuyo amanka natalikira. Kuti mumupeze muyenera kuyatsa injini chobwerera m'mbuyo, kutsikira m'njira yapansi yaifupi, kumudutsira m'munsi, kenako n'kukweranso. Mutu umatha kuzimvetsa, koma ukakhala miyezi osazichita umabwerera ku nzeru ya pamsewu. Zinachitikira James McDivitt mu Juni 1965 pa ulendo wa Gemini 4: analoza chombo ku chidutswa cha roketi yake, anayatsa injini, chidutswacho chinkangotalikira mpaka anaononga mafuta ochuluka n'kusiya. Zinatheka mu Disembala chaka chomwecho pamene Wally Schirra anayandikizitsa Gemini 6A ku Gemini 7. Mphunzitsi wa physics amene akufuna kuti ophunzira a pa Chanco amve za Kepler ndi Newton m'mafupa mwawo angachite bwino kuwasiyira gemu imeneyi madzulo amodzi.

Koma chimene chimaika Kerbal pamwamba kwa ife si masamu. Ndi chakuti imadikira. Siifuna intaneti. Mukaitseka nthawi yake imaima. Jebediah Kerman, mmodzi wa timunthu tobiriwira tija, amene munamusiya akuzungulira mwezi wa Mun mafuta atamuthera sadya, sakalamba, ndipo mudzamupeza akumwetulirabe pakatha zaka zinayi. Zonse zimene munachita zili m'kafayilo kamodzi kolembedwa m'zilembo wamba kamene mutha kusunga pa fulashi laputopu isanafe. Kusintha kwakukulu komaliza, 1.12, kunatuluka mu 2021, kotero imene munasiya ndi imene mudzapeze. Amene anasiya isanafike 1.0 ya mu Epulo 2015 okha ndi amene anadzadabwa, chifukwa malamulo a mpweya analembedwanso ndipo maroketi awo akale anayamba kugudubuzika akangonyamuka. Ina yotsatira, Kerbal Space Program 2, inagulitsidwa isanathe mu Febuluwale 2023, ndipo situdiyo imene inkaipanga inatsekedwa mu 2024. Musataye bandulo yanu pamenepo. Amene alibe laputopu atha kupeza kakomedwe komweko pa foni mu Spaceflight Simulator, ndipo Orbiter ya Martin Schweiger, yaulere kuyambira 2000, ilipo kwa olimba mtima.

Magemu a pa intaneti sadikira munthu, ndipo apa ndi pamene nkhani imakula. Mu Elite chaka cha mu gemu ndi chathu chomwechi kuonjezerapo 1286, ndiye 2014 inali 3300, ndipo mbiri imayenda tsiku ndi tsiku kaya mulipo kaya mulibe. Amene anasiya mu 2015 anasiya gemu imene chombo sichinkatera pa dziko lililonse. Mu Disembala chaka chimenecho kunabwera Horizons, yolola kutera ndi kuyenda pa kagalimoto. Mu 2016 kunabwera amisiri okonza zida, ndipo kuyambira pamenepo chombo chosakonzedwa ndi amisiriwo sichingalimbane ndi chokonzedwa, ngakhale mwini wake akhale katswiri bwanji. Mu 2017 zolengedwa zachilendo za Thargoid zinaonekera poyera, ndipo dera limene zinayambira ndi la nyenyezi za Nsangwe, zomwe zija zimene mukakwera phiri la Zomba madzulo a mu Novembala, kutali ndi magetsi a m'tauni, mumaziona zikutuluka kum'mawa zitaunjikana pamodzi. Mu Meyi 2021 Odyssey inalola wosewera kutsika m'chombo n'kuyenda wapansi, koma inatuluka ndi mavuto ambiri ndipo imalemera pa makompyuta ofooka. Mu Malichi 2022 Frontier inalengeza kuti yasiya kupangira zatsopano osewera pa PlayStation ndi Xbox. Kumapeto kwa chaka chomwecho a Thargoid anaukira maiko a anthu, nkhondo inatha zaka ziwiri, ndipo chombo chawo chachikulu chomaliza, Cocijo, chinaphulitsidwa pafupi ndi Dziko Lapansi mu Disembala 2024. Munthu amene laputopu yake inafa nthawi ya mdima wa Kapichira n'kupeza ina mu 2025 anaphonya nkhondo yonse, ndipo sangaibwereze. Imeneyo inachitika kamodzi, kwa amene analipo.

Nzeru zake zakale nazo zimakhala zitatha ntchito. Njira yopezera ndalama imene ankaidalira inatsekedwa, mitengo inasintha, zipani za ndale za mu gemumo zinakonzedwanso mu 2024. Ngakhale nthabwala zinakalamba. Kwa zaka zambiri osewera akale ankanamiza atsopano kuti ku siteshoni ya Hutton Orbital, m'dera la Alpha Centauri, akugawa Anaconda yaulere, podziwa kuti ulendo wake ndi wa pafupifupi ola ndi theka ukungoyang'ana mdima. Injini zatsopano za mu 2024 zinaufupikitsa kwambiri. Alpha Centauri yeniyeniyo, pongokumbutsa, ife timaiona bwino nyengo yozizira, yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zoloza ku mtanda wa kum'mwera, pamene a ku Cambridge amene anapanga gemuyi saiona n'komwe ali kwawo.

Kuphonya mbiri ndi kukalamba kwa nzeru ndimazivomera. Dziko lamoyo liyenera kuyenda, ndipo kukoma kwake n'komweko. Chimene sindivomera ndi gemu kulipiritsa munthu chifukwa chosowa. Mu Juni 2020 Elite inabweretsa zombo zikuluzikulu zonyamula zinzake, za mtengo wa 5 biliyoni, zimene zimadya ndalama zosachepera 5 miliyoni sabata iliyonse, kaya mwini wake walowa kaya ayi. Thumba likauma ngongole imakwera, ndipo ikafika pa malire chombocho chimalandidwa n'kuphwasulidwa, mwini wake n'kubwezeredwa zotsala. Amene amadziwa kuti asowa amasiyiratu ndalama za chaka chathunthu. Koma ndani ku Chikanda amadziwiratu tsiku limene mbava idzathyole zenera n'kutenga laputopu?

EVE Online, imene inapangidwa ndi kampani ya CCP Games ku Reykjavik, imapyola pamenepo. Inayamba mu 2003, ndipo osewera ake pafupifupi onse kunja kwa China ali pa seva imodzi yotchedwa Tranquility, imene imatsekedwa pang'ono tsiku lililonse nthawi ya 1 koloko masana ya kuno. Chuma chake, zombo zake ndi nkhondo zake ndi za osewera okha. Ili ndi chinthu chimodzi chokomera wosowa: luso la munthu wanu limakula ndi wotchi yeniyeni, ngakhale kompyuta ili yothima. Kuyambira Novembala 2016 muthanso kulowa osalipira pamwezi, ngakhale luso lina limakhala lotsekedwa. Kupitirira apo ndi nkhanza zokhazokha. Nkhondo yake yotchuka kwambiri, ya ku B-R5RB mu Januwale 2014, inayamba chifukwa bilu yosungira deralo sinalipiridwe pa nthawi yake. Adani anaona mpata, kumenyana kunatha maola pafupifupi 21, zombo zikuluzikulu za Titan 75 zinaphulika, ndipo zotayika zonse anaziwerengera pa madola pafupifupi 300,000. Intaneti ikaduka muli pakati pa ndewu ndi wosewera mnzanu, chombo chanu chimatsala pomwepo mphindi khumi ndi zisanu, chopanda woyendetsa, anthu akuchiombera. Kwa munthu amene magetsi amamuthimira osatsanzika, limeneli ndi lamulo lomuletsa kumenya nkhondo.

Choipitsitsa chinachitika mu Meyi 2020. Pamene CCP inabweretsa mtundu watsopano wa masiteshoni omangidwa ndi osewera mu 2016, inanena kuti siteshoni ikaphwasulidwa katundu wa anthu amene anasungamo adzasamutsidwira kwina mwini wake n'kumuombola. Anthu anakhulupirira, anasungamo chuma cha zaka zambiri, ena n'kupita kukaona za moyo. Kenako lamulo linasintha: siteshoni ikakhala masiku asanu ndi awiri yopanda mafuta imatengedwa kuti ndi bwinja, ndipo ikaphulitsidwa zonse za m'katimo zimamwazika kuti aliyense atole. Amene ankasewera nthawi imeneyo anamva n'kusamutsa zawo. Amene anali kuchipatala, kunkhondo yeniyeni, kapena kumudzi kopanda netiweki, anadzabwerera m'manja muli mbee. Okonda EVE amati ndi mmene gemuyo ilili, kuti ukagona waluza. Ine ndimati kuluza chifukwa mnzako wakuposa nzeru ndi masewera, koma kuluza chifukwa lamulo lasintha iwe kulibe ndi kulandidwa.

No Man's Sky ndi imene imadabwitsa wobwerera mwa ubwino. Inatuluka mu Ogasiti 2016 kuchokera ku kagulu kakang'ono ka Hello Games ku Guildford, ndipo anthu anakwiya kwambiri chifukwa zambiri zimene mtsogoleri wa kaguluko, Sean Murray, ananena isanatuluke munalibe. Kaguluko kanakhala chete n'kumagwira ntchito. Chaka ndi chaka kankatulutsa zowonjezera zaulere: kumanga nyumba, magalimoto, kusewera ndi anzako mu 2018, ndi zina zambiri. Amene anaitaya mokwiya mu 2016 akaitsegula lero amapeza gemu ina, osalipira tambala. Imathekanso kusewera popanda intaneti mukamaliza dawunilodi. Koma nayo inapweteka akale ake. Kusintha kwa mu 2018 kunapanganso maiko, moti ena anapeza dziko lobiriwira limene analitcha dzina la mwana wawo lasanduka chipululu cha poizoni. Kwa mu Okutobala 2022 kunasintha kasungidwe ka zida, zombo zimene anthu anazikonza kwa miyezi zinafooka tsiku limodzi. Star Citizen, imene Chris Roberts anayamba kusonkhetsera ndalama mu 2012 ndipo pofika 2024 inali itadutsa madola 700 miliyoni isanathebe, ili ndi yankho lake lapadera: nthawi ndi nthawi imafufuta ndalama za mu gemu za aliyense, wosowa ndi wokhalapo n'kuyambira pamodzi.

Pali kanthu kena kamene opanga magemu sangakonze, ndipo ndi kamene kamagonjetsa ambiri. Zala zikakumbuka, malamulo atsopano mutawawerenga, mumapezeka simukudziwa chimene munkafuna. Chombo chili pa kasiteshoni ka kutali kwambiri ndi kwawo kwa anthu. M'chipinda cha katundu muli matani a chitsulo china chake chimene munasonkhanitsa movutikira, mwina cha mmisiri wina, mwina choti mukagulitse, simukukumbuka. Pa mapu pali zizindikiro zimene munalemba nokha, "pano pabwino", "osaiwala", koma chabwino chake ndi choti musaiwalecho zinapita ndi munthu amene analemba. Anzanu amene munkauluka nawo mayina awo ali zii. Magemu a nthano amakuuzani chochita chotsatira. Awa sakuuzani, cholinga mumabwera nacho nokha, ndipo cholinga sichisungidwa pa seva. Mnyamata wina amene anandionetsa chombo chake atachipeza patapita nthawi anangoti, "Achimwene, zonsezi ndi zanga, koma ndikuchita ngati ndalowa m'chipinda cha munthu wina."

Apa ndi pamene ambiri amafufuta zonse n'kuyambiranso, ndipo pa magemu ena akulondola. Mu Kerbal kuyamba mwatsopano n'kwabwino, chifukwa gemu imakupatsani zida pang'onopang'ono ndipo mumaphunziranso m'ndondomeko yake. Fayilo yakaleyo isungeni, mudzakapulumutse Jebediah luso litabwerera. Mu No Man's Sky maola oyamba analembedwanso kangapo, kotero kuyamba kumene ndiyo njira yachidule yodziwira zatsopano. Mu Elite kufufuta n'kulakwa kwakukulu. Zombo ndi ndalama zimapezekanso msanga masiku ano, koma chilolezo cha amisiri, maudindo a usilikali ndi zilolezo zolowera m'madera otsekedwa ngati la Dziko Lapansi zimatenga miyezi ya bandulo. Mu EVE musayerekeze n'komwe, chifukwa luso la munthu wanu ndi zaka zenizeni zimene zinadutsa.

Popeza kuno kusowa kudzabweranso, nzeru ndi kusewera ngati munthu amene angachoke mawa. Teretsani chombo pa siteshoni ya gemu, osati ya wosewera mnzanu, musanatseke. Gulitsani zimene mwafufuza musanapite kutchuthi. Musagule chinthu cholipira lendi sabata ndi sabata. Fayilo ya mabatani anu a mu Elite ikopereni pa fulashi, popeza update ikhoza kuwasokoneza. Ndipo khalani ndi kope wamba la mizere pambali pa laputopu. Tsamba loyamba mulembe masitepe otera pa siteshoni ndi batani la sitepe iliyonse, monga amachitira oyendetsa ndege. Pa masamba otsatira, tsiku lililonse musanathimitse, mulembe mizere itatu: muli kuti, mwanyamula chiyani, ndipo mumapita nacho kwa ndani.